Mulungu Anandidzutsira Kuseri kwa Msika

Ndine bambo wa ana anayi, Mngoni wa kuno ku Ntcheu, ndipo ntchito yanga ndi yosamala zimbudzi pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, chakumtunda kumene msewuwo umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Ndayamba ndi kutchula ntchitoyo chifukwa ndi mmene Mulungu anandichitira zazikulu. Umboni wanga ndi wa ndowa, tsache ndi kolorini, ndi wa Mulungu amene anadzutsa munthu wogwa pomupatsa ntchito imene ambiri amaithawa.

Kwathu kuno kupita ku Joni si nkhani yachilendo. Azigogo athu anapita kumigodi pa Wenela ndi pa Theba, n'kubwerako ndi njinga, mabulangete ndi wailesi, ndipo ife tinakula tikumva kuti mwamuna weniweni ndi amene wawoloka Limpopo. Ine ndinali mkamwini, ndipo munda umene apongozi anatigawira sunkatifikitsa kumapeto a chaka. Choncho ndinagulitsa ng'ombe ziwiri zimene malemu bambo anga anandisiyira pamodzi ndi ngolo yake, ndinawonjezera ndalama za katapila, n'kukwera basi. Ndinakafikira ku Durban, kudera la Isipingo, kumene ndinapeza ntchito yotsitsa ndi kupakira katundu m'sitolo. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kunyumba, zina n'kumasunga kuti ndikadzabwerera ndidzagule ng'ombe zina ndi malata.

Tsoka silinunkha. Mu Epulo 2015 ku Durban kunabuka zipolowe zothamangitsa anthu obwera. Usiku wina tinadzidzimuka ndi phokoso la anthu akuphwanya zitseko za tinyumba tathu ta malata, akufuula kuti makwerekwere achoke. Ndinatulukira pawindo ndi zovala za m'thupi zokha, pasipoti ili m'thumba la jekete. Ndalama zimene ndinkabisa m'matiresi, foni, ndi makina osokera amene ndinagulira mayi akunyumba, zonse zinatsala ndipo sindinazionenso. Tinakagona m'matenti ku Isipingo komweko, Amalawi, anthu a ku Mozambique, a ku Zimbabwe ndi a ku Congo, mpaka boma lathu linatumiza mabasi odzatitenga. Tinadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, tinawoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'dziko muno pa Mwanza. Pamene ndinkatsika pa siteji ya kwathu ndinali ndi jumbo imodzi m'manja.

Ana a m'mudzi anathamanga kudzandilandira katundu monga mwa mwambo, koma panalibe chowasenzetsa. Apongozi anandilonjera mwaulemu, nathokoza Mulungu kuti ndabwera wamoyo, osanena china chilichonse. Koma khola lopanda ng'ombe linali pomwepo pakhomo, ndipo m'mawa uliwonse ndikatuluka ndinkaliona. Mwini katapila anayamba kubwerabwera, ngongole ikukwera mwezi ndi mwezi. Kenaka mvula inadula. Mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, ndipo anthu okwana 6.5 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Ife tinali m'gulu lomwelo. Tinkadya kamodzi pa tsiku, nthawi zina phala la madeya. Mwana wathu woyamba, mtsikana amene anasankhidwa kupita ku sekondale, anakhala pakhomo chifukwa cha fizi. Tulo tinandithawa. Masana ndinkadzitsekera m'nyumba kuopa maso a anthu, ndipo panali masiku amene mdani ankandinong'oneza kuti banja langa lingapepukidwe nditachoka pa dziko lino. Ndikunena izi poyera kuti wina amene akumva mawu otere lero adziwe kuti ndi bodza la Satana, ndipo auze mnzake msanga.

M'masiku amenewo mnzanga wina wa ku pulayimale, amene anali mu komiti ya msika, anabwera kudzandiona. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akuzungulira nkhani, kenaka anati, "Achimwene, musandimve molakwa, sindikukunyozani ayi. Munthu wosamala zimbudzi kumsika wasiya, ndipo palibe amene akufuna kulowa m'malo mwake. Malipiro ndi gawo la ndalama zimene anthu amapereka pakhomo. Ntchito imene ilipo ndi yomweyi." Mtima wanga unatentha. Ine Mngoni, wa mtundu wa chishango ndi nthungo, ndikakolope zonyansa za anthu? Ife timakula ndi mbiri ya Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndi ya Inkosi Philip Gomani amene anachotsedwa pa mpando mu 1953 chifukwa chokana Chitaganya. Pa Umhlangano ku Nkolimbo timavina ngoma mitu ili m'mwamba. Kulimba mtima kumene ndinkakudziwa kunali kokhako, kosagwadira munthu. Ndinamuyankha mnzangayo kuti ndiganize kaye, koma mumtima ndinali nditakana kale.

Mayi akunyumba ndi amene anakauza mkulu wa mpingo wathu, nkhalamba imene inagwirapo ntchito kumigodi pa Theba. Anabwera madzulo ndi ndodo yawo ndi Baibulo lakale lokutidwa ndi pepala la pulasitiki. Sanandidzudzule. Anangoti, "Mwanawe, maso anga afooka, tandiwerengera Deuteronomo 23 kuyambira ndime 12 mpaka 14." Ndinali ndisanamvepo mlaliki akulalikira pa ndime zimenezo. Pamenepo Mose akulamula asilikali a Israeli kuti akhale ndi malo odzithandizira kunja kwa msasa, ndi kuti aliyense, pamodzi ndi zida zake za nkhondo, azinyamula chokumbira kuti azikwirira zonyansa zake. Chifukwa chake n'chimene chinandigwira mtima: Yehova mwiniwake amayendayenda pakati pa msasawo kuti awapulumutse kwa adani, choncho msasa uyenera kukhala woyera, kuti angaone chonyansa n'kuwafulatira.

Nditamaliza anandifunsa kuti, "Waona kuti chokumbiracho achiika pamodzi ndi chiyani?" Ndinati pamodzi ndi zida. Iwo anati, "Ndiye Mngoni angachite nacho manyazi bwanji? Msilikali wa Mulungu ankanyamula zonse ziwiri." Kenaka ananditsegulitsa Nehemiya 3, mutu umene ambiri timaudumpha chifukwa ndi mndandanda wa mayina a anthu omanga linga la Yerusalemu. Pa ndime 5 pali akuluakulu a ku Tekowa amene anakana kuweramitsa makosi awo pa ntchito. Pa ndime 14 pali Malikiya mwana wa Rekabu, wolamulira dera lathunthu, amene anakonza chipata chimene ankatulutsira zinyalala za mzinda. Anachimanga, anaika zitseko zake ndi mipiringidzo yake. Mkulu uja anati, "Odzikuza aja Baibulo silinatchule mayina awo, koma wa kudzalayu dzina lake tikuliwerenga mpaka lero. Linga likanakhala ndi mpata pamenepo, mdani akanalowera pomwepo." Anapemphera nane, natenga ndodo yawo n'kumapita. Usiku umenewo ndinagona tulo, ndipo kutacha ndinapita kumsika.

Zimene ndinakapeza kumeneko sindingazifotokoze zonse pamaso pa anthu aulemu. Kachimbudzi ka zipinda zochepa kanali kuseri, kupitirira pa okazinga tchipisi pa chiwaya ndi ogulitsa kanyenya. Zitseko zina zinali zothyoka, pansi posapondeka, ntchentche zikuchoka pamenepo n'kukatera pa tomato ndi pa mandasi. Anthu ambiri, makamaka amayi, ankangopita kutchire la kumbuyo. Ndinamanga kansalu kumphuno, ndinapempha Mulungu kuti andigwire m'mimba, n'kuyamba. Ndinapala ndi fosholo, ndinatsuka ndi madzi a pamjigo, ndinathira phulusa limene ndinapempha kwa a ziwaya. Ndinasema zivindikiro za matabwa zokhala ndi chogwirira kuti dzenje lililonse lizikhala lotseka. Zitseko ndinazikhoma ndi zidutswa za matayala m'malo mwa mahinjesi. Pakhomo ndinaimika mpondagiya, kachigubu kolendewera pa mtengo kamene munthu amaponda ndodo kuti madzi atuluke osagwira ndi manja. Sopo wa mtanda ankasowa tsiku lomwelo, choncho ndinayamba kusungunula sopo wa ufa m'botolo loboola chitsekero n'kulimangirira pa chingwe.

Tsiku la msika ndimadzuka tambala woyamba. Pamene malole a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akufika kudzapikula kachewere wa ku Tsangano, kabichi, anyezi ndi nyemba, pamene abale athu a ku Angonia akutsetsereka ndi madengu pamutu, ine ndimakhala nditadzaza kale migolo. Nyengo yozizira kumtunda kuno madzi amaluma zala mpaka kuuma. Munthu akatuluka ndimalowa kukaona, ndipo ngati pafunika ndowa ndimathira pomwepo osadikira madzulo. Palibe kapitawo amene ankandiyang'anira. Chimene chinkandiyendetsa ndi chija ndinawerenga, chakuti Mwini msasa amayendamo. Ndinkadziuza kuti ngati Ambuye adutsa pa msika uno lero, adutsanso kuseri kuno, ndipo apapeze pabwino.

Kunyozedwa kunalipo, ndipo kunkapweteka. Anyamata a pa siteji ankakuwa kuti, "Mjoni uja ndi uyo, wabwera ndi digiri ya mopu!" Ena amene ndinkamwa nawo tiyi kale anayamba kundipatsa moni wa patali osatambasula dzanja. Pa maliro ena mayi wina anasuntha mbale ya nsima nditasamba m'manja kuti ndidye nawo. Mwana wanga wamwamuna anabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzake akumutcha mwana wa kuchimbudzi. Limenelo ndilo linali bala lalikulu. Ndinamukhazika pamwendo n'kumuwerengera Yohane 13, pamene Ambuye Yesu anavula chovala chake, nadzimanga nsalu m'chiuno, nasambitsa mapazi a ophunzira ake, ntchito imene inali ya kapolo wa pakhomo. Ndinamuuza kuti, "Mwanangu, chochititsa manyazi ndi kuba ndi kunama. Nsima imene wadya lero yachokera m'manja oyera."

Pang'ono ndi pang'ono zinthu zinayamba kusintha. Amayi ogulitsa masamba ndiwo anayamba kuuzana kuti kuseri kuja tsopano n'kolowereka. Madalaivala a malole ndi a minibasi anayamba kuima dala pa msika wathu. Ndalama za pakhomo zinachuluka, ndipo ndinkazipereka zonse ku komiti monga zinalowera, ndikukumbukira chiphunzitso cha pa Luka 16:10 chakuti kukhulupirika kumayesedwa pa zazing'ono. Gawo langa mayi akunyumba ankapita nalo ku banki m'khonde. Titagawana kumapeto a chaka tinayamba kudula katapila uja mpaka anatha. Mwana wathu wamkazi anabwerera ku sekondale, ndipo anadzalemba mayeso a MSCE n'kukhoza. Tinabwereka dimba, tinagula mbuzi. Ndinkaganiza kuti umboni wanga wathera pamenepo, koma mayeso enieni anali m'tsogolo.

Mu Malichi 2022 kolera inabuka ku Machinga, n'kufalikira mpaka inafika m'maboma onse a dziko lino. Pa 5 Disembala chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti mliriwo ndi ngozi ya zaumoyo m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Pomatha mliriwo anthu oposa 58,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Kolera imayenda m'chimbudzi cha munthu wodwala, kulowa m'madzi ndi m'chakudya kudzera m'manja osasamba ndi ntchentche, ndipo msika wa pa msewu waukulu umalandira anthu ochokera kulikonse. Malo oopsa kwambiri pa msika wonse anali pamene ine ndimaima. Mayi akunyumba anandigwadira usiku wina nati, "Bambo, ku Joni munapulumuka, kodi mukufuna mudzafere kuchimbudzi? Siyani kaye, tidya za kudimba." Sindinawatsutse, chifukwa mantha amenewo analinso mwa ine. Tinagwada tonse n'kupemphera. Tikudzuka ndinawauza kuti, "Mayi, ndikachoka ine, mpata wa pa linga uja watseguka. Tomato amene adzaterepo ntchentche adzadyedwa ndi ana a anthu, mwinanso athu." Analira, koma m'mawa ndiwo anandiwotchera mbatata ya pa ulendo.

Alangizi a zaumoyo anatipatsa kolorini wa ufa, magolovesi ndi nsapato za mphira, natiphunzitsa kusungunula mitundu itatu: wamphamvu kwambiri wothira pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala, wapakatikati wotsukira pansi ndi ziwiya, ndi wochepa mphamvu wosambira m'manja. Ndinalemba pa ndowa iliyonse kuti ndisasokoneze. Ndinayamba kuima pafupi ndi mpondagiya n'kumapempha aliyense wotuluka kuti asambe m'manja, kaya ndi bwana wa galimoto kaya ndi mwana. Osowa ndalama ya pakhomo ndinapempha komiti kuti azilowa ulere, chifukwa kubweza munthu mmodzi kupita kutchire pa nyengo ya mvula kunali kuika msika wonse pa ngozi.

Tsiku lina la msika, mvula ikuwaza, mayi wina wogulitsa nyemba analowa n'kuchedwa kutuluka. Mwana wake wamng'ono anaima pakhomo akulira. Ndinagogoda, osayankha. Ndinaitana amayi awiri, ndipo titatsegula tinamupeza atagwa, maso atalowa m'kati, khungu la zala litakwinyika, zovala zitanyowa ndi chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga. Wina anakuwa kuti, "Kolera!" ndipo anthu amene anali atayamba kuunjikana anabalalika. Miyendo yanga inanjenjemera. Ndinangoti, "Yesu, muli pano," n'kuvala magolovesi. Mmodzi mwa amayi aja, wa Chigwirizano, sanathawe. Ndinamupatsa magolovesi ena, tinamutulutsa wodwalayo n'kumugoneka pa thumba pansi pa khonde. Ndinasungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi othira mankhwala, ndipo mayi wa Chigwirizano uja anayamba kumumwetsa pang'onopang'ono ndi kapu pamene anatsitsimuka. Wa kabaza wa njinga yamoto woyamba anakana, wachiwiri anavomera titayala pulasitiki pa mpando. Ananyamuka naye kupita kuchipatala, mayi wa Chigwirizano atamugwirira kumbuyo. Ine ndinatseka chipindacho, ndinathira kolorini wamphamvu uja, ndinadikira, ndinatsuka makoma, chitseko ndi njira yonse imene tinadutsa, thumba lija n'kulitentha.

Patapita masabata mayi wogulitsa nyemba uja anabweranso kumsika, wowonda koma akuyenda yekha, mwana wake ali pambali. Anafika kuseri kuja, nagwada pa dothi pamaso pa anthu, n'kundipatsa kambale ka nyemba. Anati, "Bambo, achipatala anandiuza kuti ndikanachedwa pang'ono sindikanafika. Mulungu akudalitseni." Ndinamudzutsa n'kumuuza kuti athokoze Mulungu ndi anamwino amene anamuika madiripi usiku wonse. Pa nyengo yonse ya mliri ine sindinadwale, ngakhale wina aliyense wa m'nyumba mwanga. Sindikunena kuti amene anadwala kapena kumwalira anali ochimwa kuposa ife, ayi. Ambiri anali anthu opemphera amene anangosowa madzi abwino. Ndikungochitira umboni kuti Mulungu anandisunga pamalo pamene anandiika, ndipo anagwiritsa ntchito magolovesi, kolorini ndi malangizo a azaumoyo pondisunga.

Lero mavuto sanathe onse. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo, feteleza ndi fizi zakwera mitengo koopsa, ndipo khola lija muli mbuzi, ng'ombe sizinabwererebe. Koma ndilibe ngongole ya munthu, ana anga amadya ndi kuphunzira, ndipo ndimayenda pakati pa msika mutu uli m'mwamba. Anyamata amene ankandikuwiza aja ena amabwera kudzafunsa nzeru akafuna kupita ku Joni. Apongozi anga, pa msonkhano wa banja, anandipatsa mpando wa kutsogolo. Mpingo unandisankha kukhala mmodzi wa atumiki, ndipo ntchito yoyamba imene ndinapempha inali yokonza zimbudzi za pa tchalitchi.

Chimene ndaphunzira ndi ichi. Kulimba mtima kwa makolo athu, kokana kugwadira wopondereza, n'kwabwino ndipo tizikunyadira. Koma pali kulimba mtima kwina kumene Ambuye Yesu anationetsa, kowerama n'kugwira ntchito imene ikufunika, anthu akuseka, n'kubweranso mawa kudzaigwira bwino lomwe. Paulo pa Akolose 3:23 ankalembera akapolo, anthu a ntchito zonyozeka zenizeni, pamene anawauza kuti azigwira ndi mtima wonse monga otumikira Ambuye osati anthu. Iye mwini ankasoka mahema kuti adye.

Choncho ndikulankhula nanu achimwene amene mwabwera kuchokera ku Joni manja ali m'thumba, ndi inu achinyamata amene muli ndi satifiketi koma ntchito ya mu ofesi sikuoneka. Musadzitsekere m'nyumba. Ngati ntchito imene ilipo ndi yosenza matumba a kachewere pa Lizulu, yotsuka mbale mu lesitilanti kapena yosesa msika, igwireni, ndipo muigwire bwino kuposa mmene wina aliyense anaigwirira. Ndikulankhulanso nanu amene Mulungu anakupatsani mipando ya pamwamba. Wosesa m'chipatala, wokolopa m'sukulu, wokumba manda ndi wotola zinyalala akutchinga mipata imene imfa ikanalowera kunyumba kwanu. Apatseni moni wa m'manja, alipireni pa nthawi yake, ndipo muwagulire zodzitetezera.

Ndithokoza mayi akunyumba amene anapirira nane, mkulu wa mpingo uja amene tsopano anagona mwa Ambuye, ndi mnzanga amene sanaope kundiuza za ntchitoyi. Koposa zonse ndithokoza Mulungu amene ananditulutsa m'zipolowe, m'njala, m'ngongole ndi mu mliri. Mundipempherere kuti ndikhalebe wokhulupirika pa ntchito yanga mpaka tsiku limene adzandiitane. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha. Amen.